Mmene mungawerengere periodic table popanda kuloweza lonse

Ophunzira ambiri a Chemistry mutu umawaima akaona periodic table. Amaona timabokosi 118, kalikonse kakuimira element imodzi (chinthu chokhala ndi mtundu umodzi wokha wa maatomu), ndi dzina lake ndi manambala ake, n'kuganiza kuti ntchito yawo ndi kuloweza zonsezo. Ena amafika popeka nyimbo za mayina a ma element, koma funso likangobwera mokhotakhota pa mayeso a MSCE amagwira njakata. Tebuloli silinakonzedwe kuti lizilowezedwa. Linayalidwa kuti munthu akadziwa pamene element yakhala, athe kunena khalidwe lake ngakhale sanaionepo ndi maso.

Mwini wake amene analiyala ndiye anayamba kuonetsa zimenezi. Mu 1869, Dmitri Mendeleev wa ku Russia anasanja ma element oposa 60 amene ankadziwika panthawiyo, ndipo m'malo ena anasiya mipata mwadala. Anati pansi pa aluminium payenera kukhala chitsulo chimene anthu sanachipeze, ndipo ananeneratu kuti chidzakhala chosachedwa kusungunuka, cholemera pafupifupi magalamu 5.9 pa cubic centimetre iliyonse. Mu 1875 Paul-Émile Lecoq de Boisbaudran wa ku France anachipezadi, n'kuchitcha gallium. Kulemera kwake ndi 5.9 yomweyo, ndipo chimasungunuka pa 30°C, moti chikhoza kusungunukira m'manja. Scandium inapezeka mu 1879, germanium mu 1886, zonse m'mipata imene iye anasiya. Luso limeneli inunso mutha kuliphunzira. Tengani pepala, pensulo ndi rula.

Choyamba: jambulani nokha ma element 20 oyambirira

Lembani mizere yotsika isanu ndi itatu ndi mizere yopingasa inayi. Mzere wopingasa woyamba uli ndi ma element awiri okha: hydrogen kumanzere kwenikweni, helium kumanja kwenikweni. Wachiwiri ukhale lithium, beryllium, boron, carbon, nitrogen, oxygen, fluorine, neon. Wachitatu sodium, magnesium, aluminium, silicon, phosphorus, sulfur, chlorine, argon. Wachinayi muyambe ndi potassium ndi calcium, n'kuima pomwepo. Awa 20 okha ndiwo oyenera kuwasunga pamtima, pamodzi ndi zizindikiro zawo.

M'bokosi lililonse lembani atomic number, kuyambira 1 mpaka 20. Nambala imeneyi ndi chiwerengero cha ma proton, tinthu ta positive timene tili mu nucleus, pakatikati pa atomu, ndipo ndi imene imapatsa element malo ake. Musasokoneze ndi kulemera kwa atomu. Argon imalemera 39.9 pamene potassium imalemera 39.1, komabe argon ndiyo ili patsogolo chifukwa ili ndi ma proton 18 pamene potassium ili ndi 19. Amene anatsimikiza kuti tebulo liziyendera atomic number anali Henry Moseley wa ku England, mu 1913.

Mizere yotsika ndiyo magulu kapena kuti mabanja, yopingasa ndiyo ma period. Mabuku ambiri akusukulu amawerenga magulu kuyambira I mpaka VIII, pamene matebulo atsopano amawerenga 1 mpaka 18. Zisakusokonezeni: Gulu VII ndi lomwelo limene ena akulitcha 17, ndipo Gulu VIII, limene mabuku ena amalitcha Gulu 0, ndi 18.

Chachiwiri: gawani ma electron m'ma shell awo

Atomu ikakhala payokha, ma electron ake, tinthu ta negative, amakhala ofanana chiwerengero ndi ma proton. Ma electronwo amakhala m'ma shell, amene ndi magawo ozungulira nucleus. Shell yoyamba imadzaza ndi awiri, yachiwiri ndi 8, ndipo pa ma element 20 amenewa yachitatu mumaikamo 8 musanayambe yachinayi.

Sodium ili ndi ma electron 11, ndiye mulemba 2,8,1. Chlorine ili ndi 17, mulemba 2,8,7. Calcium ili ndi 20, mulemba 2,8,8,2. Chitani chimodzimodzi m'mabokosi onse, kenako yang'anani pepala lanu kuchokera pamwamba kutsika. Lithium 2,1, sodium 2,8,1, potassium 2,8,8,1. Onse akuthera ndi 1. Fluorine 2,7, chlorine 2,8,7. Onse akuthera ndi 7.

Apa ndi pamene pagona tebulo lonse. Nambala yomaliza ikukuuzani gulu, ndipo kuchuluka kwa ma shell kukukuuzani period. Mukapatsidwa element yokhala ndi 2,8,5, musafunse dzina: ili m'Gulu V, period 3. Helium yokha ndiyo yopatuka, chifukwa ili ndi ma electron awiri koma imakhala m'Gulu VIII, popeza shell yake imodziyo ndi yodzaza kale. Kumbukiraninso kuti kawerengedwe ka 2,8,8 kamathera pa calcium. Kupitirira apo shell yachitatu imayamba kulandira ena mpaka 18.

Chachitatu: funsani kuti atomuyi itaya, ilandira kapena igawana

Atomu imakhazikika shell yake yakunja ikadzaza. Yokhala ndi electron imodzi, awiri kapena atatu kunja, chapafupi n'kuwataya, ndipo ikatero imasanduka ion ya positive, ndiye kuti atomu imene ma proton ake aposa ma electron. Zimenezi ndizo zitsulo, kupatula hydrogen, helium ndi boron. Yokhala ndi asanu, 6 kapena 7 imalandira otsalawo n'kukhala ion ya negative, apo ayi imagawana ndi inzake. Za m'Gulu IV monga carbon ndi silicon zili pakatikati, choncho zimagawana basi.

Kuchokera apa valency, chiwerengero cha ma electron amene atomu imataya, kulandira kapena kugawana, mumaipeza osaloweza. Magulu I, II ndi III valency ndi nambala ya gulu. Kuyambira Gulu V mpaka VII, chotsani nambala ya gulu pa 8, ndiye oxygen ndi 2, chlorine ndi 1. Polemba formula, ma electron otayidwa ayenera kufanana ndi olandiridwa. Magnesium itaya awiri, koma chlorine iliyonse ilandira imodzi yokha, ndiye pafunika ma chlorine awiri: MgCl₂. Aluminium itaya atatu, oxygen ilandira awiri. Kuti zilingane pafunika ma aluminium awiri ndi ma oxygen atatu: Al₂O₃. Yesani calcium ndi oxygen, muona kuti ndi CaO, popeza awiri otayidwa apeza malo awiri.

Chachinayi: khalitsani pa Gulu I

Mukalimvetsa bwino banja ili, ena onse amapepuka, n'chifukwa chake ndikuti mutayirepo nthawi. Awa ndi ma alkali metal: lithium, sodium, potassium, rubidium, caesium ndi francium. Ndi zitsulo ndithu, zimadutsitsa magetsi ndi kutentha, koma sizifanana n'komwe ndi chitsulo cha khasu. N'zofewa moti mpeni umadula, ndipo zitatu zoyambazo zimayandama pamadzi.

Ngati sukulu yanu ili ndi sodium, pemphani aphunzitsi akuonetseni. Amaitulutsa ndi kopanira m'botolo la mafuta, ili mbuu ngati kamwala. Akangoicheka, pochekapo pamaoneka waliwali ngati siliva, koma musanamalize kudabwa payamba kale kuchita mbuu chifukwa mpweya wayamba kuigwira. Mafuta aja ntchito yake ndi imeneyo, kuitchinga ku mpweya ndi chinyontho. Kachidutswa kangati kanjere ka mpunga akakaponya m'beseni la madzi, kamasungunuka n'kukhala kampira, kamathamangathamanga pamwamba pa madzi kakulira kuti tsiii mpaka katha. Mpweya umene ukutulukawo ndi hydrogen. Madzi otsalawo mukaviikamo litmus yofiira imasanduka yabuluu, kusonyeza kuti tsopano ndi alkali, chosemphana ndi asidi:

2Na + 2H₂O → 2NaOH + H₂

Lithium imachita zomwezo koma modekha, imangotulutsa thovu osasungunuka. Potassium imachita mwaukali, mpaka hydrogen uja amayaka lawi lofiirira mopita ku pepo. Ndiye kuti ukali ukukula pamene tikutsika m'gululi. Chifukwa chake muchimvetse, chifukwa amakonda kuchifunsa. Shell iliyonse yowonjezereka imakankhira electron yakunja ija kutali ndi nucleus, ndipo ma shell amkati amaitchinga kuti isakokedwe kwambiri. Zili ngati mnyamata wogona kumphala, kutali ndi maso a makolo: kuzemba sikumuvuta. Electron ya potassium imachoka mosavuta kuposa ya sodium, ya sodium kuposa ya lithium.

Kusungunuka kumayenda motsika. Lithium imasungunuka pa 181°C, sodium pa 98°C, potassium pa 63°C, caesium pa 28°C. Maatomu akamakula, mphamvu imene imawalumikiza m'chitsulomo imachepa.

Zitsulozi musazigwire ndi manja, ndipo kuziyesa ndi madzi ndi ntchito ya aphunzitsi, inu muli pataliko. Koma banjali mumakumana nalo tsiku ndi tsiku kukhitchini. Mchere ndi sodium chloride. Madzi a mchere akasefukira pa lawi labuluu la gasi, lawilo limasanduka lachikasu, umene ndi mtundu wa sodium pamoto. Chidulo chimene amayi amasefa ku phulusa chimaterera m'zala ndi kufewetsa therere chifukwa muli potassium carbonate wambiri. Chikasowa amathira soda, amene ndi sodium hydrogencarbonate, ndipo ndiwo zimapsa chimodzimodzi. Zonse ziwiri ndi za alkali, zochokera ku ma element oyandikana m'gulu limodzi. K wa pathumba la feteleza wa NPK ndi potassium yemweyo.

Chachisanu: Gulu II liyerekezeni ndi Gulu I

Beryllium, magnesium, calcium, strontium ndi barium zili ndi ma electron awiri kunja. Kutaya awiri kumafuna mphamvu zambiri kuposa kutaya imodzi, choncho ukali wake ndi wocheperako, ndipo n'zolimbako ndi zovuta kusungunula: magnesium pa 650°C, calcium pa 842°C. Njira yake ndi yomwe ija, ukali umakula potsika. Magnesium m'madzi ozizira imachita pang'onopang'ono kwambiri, imafuna nthunzi. Calcium imayamba thovu pomwepo, madzi n'kuchita mbee ndi calcium hydroxide. Magnesium ikayatsidwa imawala kwambiri moti siyofunika kuiyang'anitsitsa, n'kusiya phulusa loyera la MgO.

Amene anaonapo anthu akuwotcha laimu ku Balaka anaona chemistry ya gululi. Mwala wa laimu ndi calcium carbonate. Ukawotchedwa umataya carbon dioxide n'kutsala calcium oxide, ndipo ukathiridwa madzi umatentha n'kusanduka calcium hydroxide. Laimu amachepetsa asidi m'nthaka chifukwa ma oxide ndi ma hydroxide a zitsulo zakumanzere kwa tebulo ndi ma base, zinthu zothetsa mphamvu ya asidi.

Chachisanu ndi chimodzi: pa Gulu VII tembenuzani maganizo

Apa ndi pamene ambiri amatayira malikisi. Amatenga lamulo la Gulu I loti ukali umakula potsika n'kulibweretsa kwa ma halogen, amene ndi ma element a Gulu VII, pamene kuno zinthu zimayenda chambuyo. Fluorine, chlorine, bromine ndi iodine sizitaya electron, zimafuna kulandira imodzi. Atomu yaing'ono imakoka electron yobwera mwamphamvu chifukwa shell yakunja ili pafupi ndi nucleus. Ikakula, kukokako kumachepa. Choncho fluorine ndiyo yaukali kuposa zonse, iodine ndiyo yofatsa. Chifukwa chake ndi chimodzi ndi cha Gulu I, kutalika kwa shell yakunja, kungoti kumathandiza wotaya n'kupinga wolandira. Ukali wa fluorine ndi umene unachititsa kuti itenge nthawi kuti ipatulidwe payokha, mpaka Henri Moissan anakwanitsa mu 1886.

Maonekedwe ake amayenda mwadongosolo losavuta kukumbukira. Fluorine ndi mpweya wachikasu chotuwa, chlorine mpweya wobiriwira mopita ku chikasu, bromine ndi yamadzimadzi yofiira moderapo, iodine ndi timiyala takuda tonyezimira timene tikatenthedwa timatulutsa nthunzi ya pepo. Mtundu ukunka nuda, ndipo kuwira kukunka kukwera: fluorine pa −188°C, chlorine pa −34°C, bromine pa 59°C, iodine pa 184°C. Zonse zimayenda ziwiriziwiri, Cl₂, Br₂, I₂, ndipo mamolekyu akamakula amagwirana mwamphamvu, n'chifukwa chake timachoka pa mpweya n'kukafika pa cholimba.

Kuti muone ukaliwo ndi maso, pali kuyesa kosavuta m'labu. Thirani madzi a chlorine mu test tube ya potassium bromide, imene imaoneka ngati madzi wamba. Madziwo asanduka a olenji chifukwa chlorine yalanda malo n'kutulutsa bromine:

Cl₂ + 2KBr → 2KCl + Br₂

Mukathira mu potassium iodide asanduka abulauni, iodine yatuluka. Koma mukathira madzi a bromine mu potassium chloride palibe chichitike. Yapamwamba imachotsa yapansi, yapansi singachotse yapamwamba.

Ukali womwewu ndi umene umapha tizilombo ta kolera chlorine ikathiridwa m'madzi akumwa pa mlingo wake. Ndi umenenso umachititsa kuti kusakaniza mankhwala oyeretsera a bleach ndi viniga kapena mankhwala a asidi otsukira chimbudzi kukhale koopsa, chifukwa kumatulutsa mpweya wa chlorine umene umawononga mapapo. Zimenezo musayerekeze, ngakhale mwachidwi chabe. Iodine amaiwonjezera mumchere pang'ono chabe poteteza chithokomiro, ndipo kadontho ka iodine ya pabala mukakadonthezera pa nsima pamachita bii, kusonyeza sitachi.

Chachisanu ndi chiwiri: Gulu VIII musachedwepo

Helium, neon, argon, krypton, xenon ndi radon zili ndi shell yakunja yodzaza, choncho sizitaya, sizilandira, ndipo atomu iliyonse imayenda yokha. Zonse ndi mipweya yopanda mtundu. Pa tebulo la Mendeleev la 1869 munalibe banjali, chifukwa chinthu chosasakanikirana ndi chinzake n'chovuta kuchitulukira. Lord Rayleigh ndi William Ramsay anapeza argon mu 1894, ngakhale ili pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya umene timapuma. Kusachita kanthu kwakeko ndiyo ntchito yake: owotcherera zitsulo amagwiritsa argon kutchinga chitsulo chotentha kuti oxygen isachigwire. Pa mayeso lembani kuti sizichita kanthu, koma dziwani kuti mu 1962 Neil Bartlett anakwanitsa kuphatikiza xenon ndi zinthu zina.

Chachisanu ndi chitatu: bwererani pa tebulo lalikulu

Tsopano yang'anani chigawo chapakati chimene sichili papepala lanu, pakati pa Gulu II ndi Gulu III. Awa ndi ma transition metal, zitsulo zimene tonse timazidziwa ngati zitsulo. Zitengeni ngati zotsutsana ndi Gulu I: n'zolimba, n'zolemera, sizisungunuka msanga, ndipo madzi sazigwira mwaukali. Iron imasungunuka pa 1538°C, copper pa 1085°C, tungsten pa 3422°C. Zambiri zimakhala ndi valency yoposa imodzi, ndipo ma compound ake amakhala amitundu. Iron(II) ndi yobiriwirako, iron(III) ndi yofiirira ngati dzimbiri, copper(II) sulfate ndi yabuluu. Zimagwiranso ntchito yofulumizitsa ma reaction, monga iron popanga ammonia ya feteleza. Mercury ndiyo yopatuka, ndi yamadzimadzi ngakhale m'chipinda wamba, ndipo zinc imene imakutira malata kuti asachite dzimbiri ma compound ake ndi oyera.

Mkuwa wa ku Copperbelt ku Zambia uli m'chigawo chimenechi, chimodzimodzi titanium ya mu rutile ya ku Kasiya ndi niobium ya ku Kanyika ku Mzimba. Mizere iwiri yopatulidwa pansi pa tebulo nayonso si yachilendo kwathu kuno. Wapamwambawo muli ma rare earth amene ali ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe, wapansiwo muli uranium ya ku Kayelekera ku Karonga.

Kenako yendani mopingasa pa period 3, kuchoka kumanzere kupita kumanja. Ma shell ndi atatu ponseponse, koma ma proton akuwonjezereka, choncho akukoka mwamphamvu ndipo atomu ikunka nichepa. Sodium, magnesium ndi aluminium ndi zitsulo. Silicon ili pakati, imadutsitsa magetsi pang'ono, n'chifukwa chake ndi imene ili m'ma sola. Phosphorus, sulfur, chlorine ndi argon si zitsulo. Kusungunuka kumakwera kuchoka pa 98°C mpaka 1414°C pa silicon, n'kugwa kamodzin'kamodzi kufika pa 44°C pa phosphorus. Ma oxide amayamba ali ma base, aluminium oxide imachita mbali zonse ziwiri, ndipo akumanja ndi a asidi. Uchitsulo umakulanso potsika: Gulu IV limayamba ndi carbon ya m'makala n'kukafika pa lead, mtovu wa m'mabatire a galimoto.

Hydrogen muisamale. Imalembedwa pamwamba pa Gulu I chifukwa ili ndi electron imodzi, koma ndi mpweya, si alkali metal.

Chomaliza: dziyeseni ndi ma element amene simunawaphunzire

Phimbani zolemba zanu, mutenge rubidium, imene ili pansi pa potassium. Musanawerenge paliponse, lembani zimene mukuyembekezera. Muyenera kupeza kuti ndi yofewa, imasungunuka pansi pa 63°C koma pamwamba pa 28°C, imachita ndi madzi mwaukali kuposa potassium n'kutulutsa hydrogen, ndipo chloride yake ndi RbCl. Mukafufuza mupeza kuti imasungunuka pa 39°C. Chimodzi chokha chingakuphonyeni: rubidium ndi yolemera kuposa madzi, siyandama.

Chitani chimodzimodzi ndi strontium pansi pa calcium. Mupeza SrCl₂, ndi thovu lamphamvu kuposa la calcium m'madzi ozizira. Kenako astatine pansi pa iodine: yolimba, yakuda, yofatsa kuposa iodine, yosatha kuchotsa iodine mu potassium iodide. Astatine inapangidwa koyamba mu 1940 ku Berkeley ku America, ndipo imaphwasuka msanga moti ngakhale mtundu wake wokhalitsa umatha theka m'maola pafupifupi 8. Palibe anaunjikapo yokwanira kuiona ndi maso.

Pa mayeso nthawi zambiri amabisa mayina n'kuika zilembo. Anene kuti X ili ndi atomic number 16, Y ili ndi 19, ndipo akufuna gulu, period ndi formula ya zimene ziwirizi zipange. Gawani ma electron kaye: X ndi 2,8,6, Y ndi 2,8,8,1. X ili m'Gulu VI, period 3, si chitsulo, ilandira awiri. Y ili m'Gulu I, period 4, ndi chitsulo, itaya imodzi. Pafunika ma Y awiri pa X imodzi, chitsulo chilembedwe poyamba, ndiye formula ndi Y₂X, ndipo kulumikizana kwake ndi kwa ionic, kwa wotaya ndi wolandira. Muyankhe ndi zilembo zomwe mwapatsidwazo, musazisinthe n'kulemba K ndi S pokhapokha funso litakuuzani kutero.